Nkhoko za Sitandade 5

Ndikukumbukira m'mawa wina wa nkhungu pa sukulu yathu ya kumunsi kwa phiri la Chongoni. Tinali pa mzere, makapu m'manja, mano akugogoda. Aphunzitsi aakulu anakwera pa chulu chomwe ankalengezerapo zinthu n'kutiuza kuti boma lachepetsa ufa wa phala, ndipo olandira akhala a Sitandade 1 mpaka 4 basi. Ife tinali titangolowa kumene Sitandade 5. Mnzanga Yohane, amene analephera n'kubwereza, anandiyang'ana ali pa mzere wa Sitandade 4 n'kukweza kapu yake m'mwamba ngati wawina chikho cha mpira. Sindinanong'onezepo bondo chifukwa chokhoza mayeso ngati tsiku limenelo.

Inali nyengo ya dzinja, nkhokwe zili mbee. Poyamba tinayesa chinyengo. Tinkalowa pa mzere wa ana titapinda mawondo, mapewa titagwetsa. Koma wogawa phala anali aNangozo, mayi wa m'mudzi mwathu momwe.

"Iwe mwana wa aNajere, wongola mawondowo," anatero osakweza n'komwe maso. "Ndinalipo tsiku lomwe unabadwa."

Kwa ambirife inali nkhani ya m'mimba chabe. Kwa Tereza, mtsikana amene ndinkakhala naye moyandikana pansi m'kalasi, inali nkhani ina. Amayi ake anali atamuuza kuti ngati kusukulu kulibenso phala, sabata ikatha azipita nawo ku ganyu yopalira mbatatesi. Anatiuza zimenezi akusewera ndi chingwe cha kapu yake, ngati akunena za munthu wina. Masamu onse ndinkaonera kwa iye, choncho ndinachita mantha kawiri.

Nzeru anabwera nazo ndi Tereza mwini wake. Anaona kuti amayi ophika akutsokomola ndi utsi wa nkhuni zonyowa, komanso kuti akamaliza kugawa amangothira madzi m'miphika, nkhoko zonse n'kupita kwa nkhumba. Anapita kukagwada pakhomo pa khitchini, ife titabisala kumbuyo kwake.

"Amayi, tikamabweretsa nkhuni zouma, mungamatisiyire nkhoko?"

"Zouma, mvula yonseyi? Mukazigula kumwamba?"

Ife tinkadziwa. Kuphiri kuli matanthwe otchinga mvula, ndipo pansi pake mphepo inkaunjika nthambi zothyoka zouma gwa. Madzulo omwewo tinakwera, tikuterereka m'matope, tikuimba nyimbo za kutchalitchi mokhotetsa. M'mawa mwake kalasi yonse inafika kusukulu ndi mitolo pamutu, anyamata tomwe, nkhata za masamba zikugwa njira yonse. Nkhunizo zinayaka ngati zathiridwa parafini. ANangozo anapukuta maso n'kutilozera miphika ndi mthiko.

Vuto linali limodzi. Miphikayo inali yozikidwa m'ng'anjo ya njerwa, yosatheka kupendeketsa, ndipo inali yakuya moti mkono sunkafika pansi pomwe panali nkhoko zenizeni. Anzanga anayang'anana, kenako onse anayang'ana ine, chifukwa ndinali wowonda kuposa wina aliyense. Ndisanayankhe, ndinali nditazondoka kale, supuni m'manja, Tereza atagwira mwendo umodzi, mnyamata wina winawo.

M'menemo munali mofunda kuposa m'bulangete. Munkanunkhira soya wopserera, ndipo ndikalankhula mawu anga ankamveka ngati a bambo mfumu pa guwa. Ndinkapala, chidutswa china n'kupereka kumwamba, china n'kuponya m'kamwa.

"Akudya! Mutulutseni, akudya!" anakuwa Tereza.

"Ndikulawa!" ndinayankha, mphika wonse n'kuyankhira.

Anayamba kuseka, ndipo munthu akamaseka manja amafooka. Ndinamva ndikutsetsereka. Tereza anagwira chomwe chinali pafupi, chomwe chinali kabudula wanga, ndipo kabudulayo anatsala m'manja mwake ine ndikupitirira. Ananditulutsa phala lili m'makutu ndi m'tsitsi, nditaphimba manyazi ndi chivundikiro cha ndowa. ANangozo anakhala pansi m'phulusa, akulephera kupuma. Yohane anafika ndi kapu yake kudzapempha, ndipo tinamuuza kuti akhoze kaye mayeso.

Tsiku limenelo Tereza anadzaza kapu yake mothinikiza n'kupita nayo kwawo osadyako. Lolemba tinkangoyang'ana njira yochokera kwawo. Belu litalira tinamuona akutuluka m'nkhungu, mtolo pamutu, makope m'jumbo. Anati amayi ake analawa n'kunena kuti, "Sukulu yotumiza chakudya kunyumba sindingaikanize mwana." Tinavina mpaka aphunzitsi anatitulukira ndi kamtengo.

Masiku ano zinthu n'zina. Nkhalango ya kuphiri kuja yapepuka, ndipo mwana sangakwere phiri kukatola nkhuni osafunsidwa. Phala limabwera teremu ina, ina ayi, ndipo makolo amalima okha munda wa sukulu kuti ana asakhale ndi njala. Tereza sanasiyenso sukulu. Anafika ku koleji, ine ndikumutsatira monga kale. Tinakwatirana. Anatisiya chaka chatha, atadwala nthawi yochepa.

Mwana wathu wamkazi anandifunsa posachedwapa komwe ndinakumana ndi amayi ake. Ndinamuuza kuti kusukulu. Zotsalazo ndidzamuuza ndikadzatha kuzifotokoza mpaka kumapeto.