A Makiyi Atathyoka Mwendo

Anthu ankawatchula a Makiyi chifukwa cha mulu wa makiyi umene unkalendewera pa lamba wawo, moti munkayamba kuwamva musanawaone. Ntchito yawo inali ya utelala, pakhonde la sitolo ya zitsulo, koma mtima wawo unali kutchalitchi. Ndiwo ankatsegula chitseko, kuliza belu, kuyala nsalu paguwa ndi kuyatsa zokuzira mawu. Panalibe amene anawasankha. Anangotola makiyiwo tsiku limene mkulu wa mpingo wakale anamwalira, osawabwezanso.

Pa nkhani ya chilengedwe, a Makiyi sankagonja kwa munthu. Wobwera kudzayezetsa buluku ankachoka atamva kuti Mulungu anayala thambo lonseli popanda msoko, nyenyezi anazikoloweka popanda ulusi, ndipo mpaka lero ndi Iye amene wafumbata dziko kuti lisagwe. Zonsezi ankalankhula mapini ali kukamwa. Wina akadandaula kuti buluku lake lachedwa, ankamukumbutsa kuti wodyetsa mpheta sangalole mwana wake kuyenda wamaliseche, abwerenso Lachisanu.

Koma Mulungu yemweyo a Makiyi sankamusiyira kanthu. Akazi awo akakhoma chitseko, iwo ankabwerera kukachigwedeza. Mvula ikamagwa ankatuluka ndi ambulera kukathirira tomato wawo kuseri kwa nyumba, ati mvula imadumpha mitengo ina. Ku ukwati wa mwana wa mchemwali wawo sanapiteko. Kunali kutali, nanga belu Lamlungu akanaliza ndani?

Tsiku lina anakwera makwerero kukakonza wotchi ya m'tchalitchi, imene inali isanawonongeke, ndipo potsika anaphonya phazi n'kuthyoka mwendo. Kuchipatala anawamanga chikhakha n'kuwagoneka. Makiyi aja anawabisa kunsi kwa pilo, koma mankhwala atawagoneka tulo, akazi awo anawasolola n'kukapereka kwa mayi wina woimba kwaya.

Lamlungu m'mawa a Makiyi anali ndi nkhope ya pamaliro. Anauza wodwala mnzawo wa pabedi loyandikana kuti panthawiyo mpingo wonse unali utaunjikana panja ngati mbuzi pamvula. Masana akazi awo anafika ndi chakudya.

"Mayi a ana, belu linalira?"

"Linalira, bambo."

"Mochedwa, eti?"

"Pa nthawi yake. Ena akuti linamveka bwino kuposa kale."

A Makiyi anakankhira mbale kumbali, ati mchere wachepa.

Kuyambira pamenepo aliyense wobwera kudzawazonda ankabweretsa uthenga woipa. Zokuzira mawu, zimene kwa zaka zambiri zinkalira likhweru pakati pa ulaliki, zinasiya wina atangopotokola kabatani kamene a Makiyi analetsa kukhudza. Tomato uja, wosathiriridwa, anabereka mpaka mitengo kuwerama. Makasitomala anawolokera kwa telala wa tsidya la msewu. Dzuwa nalo, lopanda ulemu, linkatuluka m'mawa uliwonse pawindo la wodi.

Abusa nawo anabwera, munthu wofatsa wosadziwa kunama. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuwalimbitsa mtima kuti asadere nkhawa, zonse zikuyenda bwino kwambiri. Anawakumbutsanso chiphunzitso chawo chomwe, chakuti amene wagwira nyenyezi sangalephere kugwira kampingo kamodzi. A Makiyi anayankha ameni wapansipansi, ngati akumeza mankhwala owawa.

"Abusa," anatero patapita kanthawi, "palibe ngakhale kanthu kamodzi kamene kalakwika?"

Abusa anaganiza nthawi yaitali, kufuna kuwathandiza, koma anapukusa mutu. Madzulo ake namwino anadabwa kupeza magazi a wodwala wake akuthamanga, pamene mwendo unali kupola bwinobwino.

Atatulutsidwa, anakana kupita kunyumba. Anauza akazi awo kuti ayambe adzera kutchalitchi kukathokoza. Analowa akutsimphina ndi ndodo, n'kuyamba kupititsa chala pa mabenchi. Fumbi panalibe. Nsalu ya paguwa inali yosita, yowongoka. Anasuzumira kunsi kwa guwa, kuseri kwa zitseko, nkhope ikunka nigwa. Pomaliza anafika ku kachipinda kosungira matsache, n'kudina switchi. Babu silinayake. Anadinanso, osayaka. A Makiyi anakhala pa chidebe chovundikira n'kuyamba nyimbo yotamanda, misozi ili mbwe. Akazi awo amati chibadwire mwana wawo woyamba anali asanawaonepo atakondwa chotero.

Lamlungu lotsatira anapempha mpata wopereka umboni. Anathokoza Mlengi wa kumwamba ndi dziko lapansi, amene amayendetsa dzuwa ndi mwezi osatopa, komanso amene mwa nzeru zake anasiyako tinthu tina kuti tiziyang'aniridwa ndi atumiki ake odziwa ntchito. Anaitana onse okayika kuti mapemphero akatha akaone okha ku kachipinda ka matsache. Anapitako anthu atatu, mmodzi ankafuna tsache.

Mayi wa kwaya uja anabwezera makiyi mwaulemu, pamodzi ndi babu latsopano limene anagula yekha. A Makiyi analiyang'ana uku ndi uku, n'kuliponya m'thumba la jekete, ati zamagetsi si zothamangira. Mpaka pano kachipindako n'kamdima. Wofuna tsache amayamba wakawaitana, ndipo iwo amabwera mosafulumira, n'kumuunikira ndi tochi.