Mchombo utagwa, tinapita ku Mozambiki

Chaka chimene mlongo wanga anabadwa, nyumba yathu ku Nkhulambe inkanunkhira mafuta odzola, utsi ndi matewera owuma padzuwa. Inali nyengo ya mango, mvula isanayambe. Ine ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu.

Mwana ali ndi masiku atatu, munthu wina wogula nandolo anafika pa njinga ndi uthenga wochokera ku Mozambiki. Agogo aamuna, bambo awo a amayi, ankadwala kwambiri ndipo ankafuna kuona mdzukulu wawo asanatsinzine. Ndiwonso anayenera kumutcha dzina. Koma kwathu khanda silituluka m'chikuta mchombo usanagwe, ndipo azakhali, amene ankasamalira amayi, anakanitsitsa.

Choncho tinadikira. M'mawa uliwonse pomusambitsa ndinkasuzumira kamchombo kakudako, kouma ngati phesi la dzungu. Abambo ankangoyang'ana mitambo pamwamba pa phiri, chifukwa mvula ikagwa mtsinje wa kumalire sunkawolokeka. Mchombo unagwa tsiku lachisanu ndi chitatu. Azakhali anaukwirira kuseri kwa nyumba, anamumeta mwana, ndipo m'mawa mwake tinanyamuka.

Abambo anamangirira pilo pa kaliyala, amayi n'kukhalapo chammbali, khanda lili pachifuwa m'zitenje ziwiri ndi chipewa chaubweya, kutentha konseko. Njinga sanaipalase. Ankaikankha, kuzemba dzenje lililonse. Ine ndinasenza kathumba ka matewera. Tinaima kasanu kuti mwana ayamwe, ndipo ulendo wa maola atatu unatitengera tsiku lathunthu.

Pamtsinje madzi ankalekeza m'mawondo. Amayi anatapa pang'ono n'kumudonthezera mwana pachipumi, ati madziwo amudziwe. Kutsidya kunali chinangwa chonga chathu, mbuzi zonga zathu. Msilikali amene tinamupeza pansi pa mtengo anafunsa mapepala. Amayi anamuyankha m'Chilomwe, navundukula chitenje. Msilikaliyo anayang'ana kankhopeko, anaseka, natikodola ndi dzanja kuti tidutse.

Tinayembekezera kupeza anthu ali zyoli pakhonde. Tinapeza agogo atakhala pampando pansi pa mtengo, akusenda bango lakupsa ndi kampeni, madzi ake akuyenderera m'chigongono.

"Bambo! Si inu amati muli gone?" anatero amayi, akutsika pa njinga movutikira.

"Ndikanati ndili bwino, mukanabwera liti? Mwana atamera mano?"

"Mwandiyendetsa ndili ndi bala!"

"Ndiye khala pansi, usandikalipire chiimire. Bwera naye kuno mlendoyo."

Anapukuta manja pa buluku, anamulandira, namuyang'ana nthawi yaitali. Anamutcha Mwayiwawo. Usiku womwewo mvula inagwa, mtsinje unadzaza, ndipo tinakhala kumeneko milungu itatu. Ndinadya mango mpaka milomo kusupuka. Tsiku lililonse agogo ankafukata mwanayo pamthunzi, akumuimbira nyimbo za Chilomwe zimene sindinkazimva.

Nditabwerera kusukulu ndinauza aliyense kuti agogo anga ndi akatswiri a bodza, moti ananamiza anthu a dziko lina. Ndinakhulupirira zimenezo zaka zambiri, ngakhale anamwalira chimanga cha chaka chomwecho chisanache. Lero ndimakumbukira kuti bango lija ankangosenda n'kundipatsa ine, iwo osadyako, ndiponso kuti amayi, atatha kukalipa, anakhala nthawi yaitali kuseri kwa nkhokwe. Bodza la agogo linalipo ndithu, koma linali lija anatiuza titafika.