Bokosi Lopanda Mpata

Kaphwasule ndi mwana wa akalipentala ndi atelala, wachitatu kubadwa, mtsikana yekhayo pakati pa anyamata. Iyenso ali ndi ake awiri: woyamba ndi mtsikana wapakamwa ngati mayi ake, wachiwiri akadayamwa chala. Mwamuna wake amayendetsa thiraki, pakhomo amaonekera mwa apo ndi apo. Dzina lakeli Kaphwasule analitenga ali wamng'ono, tsiku limene anamasula wailesi ya bambo ake kuti aone anthu olankhula m'katimo. Anthuwo sanawapeze, wailesinso sinabwerere. Bambo ake anatolera zidutswa m'chitini cha penti, mwana n'kulonjeza akulira kuti akadzakula adzaikonza. Wakula, wabereka, chitini chikadali pashelefu.

Achibale ena ankati mwana wamkazi wokonda mawaya sadzapeza banja. Atelala anawayankha kamodzi kokha, ndipo mpaka lero moni wawo ndi wa patali.

Ntchito ya Kaphwasule ndi kulumikiza makanema. Ojambula maukwati amamubweretsera zimene ajambula, iye n'kudula, kusoka, kuikamo nyimbo, monga amachitira amayi ake ndi nsalu. Ndipo amaitha, amene akufuna kutsutsa akaonere kaye. Laputopu yake itayamba kukwawa ngati nkhono, anati sagulanso chopangidwa kale. Asankha yekha ziwalo, amange kompyuta ya patebulo.

Apa ndiye nyumba inasowa mtendere. Kaphwasule sakhala pansi chibadwire. Ankadya ataimirira, maso ali pafoni. Lero wasankha purosesa, umene uli ubongo wa makinawo. Mawa wamva kuti sagwirizana ndi mazabodi, bolodi limene ziwalo zonse zimakhalapo, basi wasintha. Mkuja akuti ramu, imene makina amakumbukira nayo zimene akugwira, yachepa. Mwini sitolo ya zipangizo akangomuona akuwoloka msewu ankayambiratu kufunsa ngati wabwera kudzagula kapena kudzabweza. Mwamuna wake anamufunsa pafoni ngati iyeyo anamusankhanso movutikira chonchi. Anamuyankha kuti ayi, n'chifukwa chake amangozimazima.

Chinatsala ndi bokosi loikamo zonsezo. Nthawiyi akalipentala anali atatseka shedi yawo chifukwa manja ankanjenjemera. Ankangokhala pakhonde, kuyang'ana zitseko za anthu n'kumazipezera zifukwa. Atamva za bokosi anaimirira. Anati mwana wawo sangakagule chitini cha m'sitolo iwo ali moyo. Anatulutsa thabwa limene anasungira tebulo lodulirapo nsalu la akazi awo, tebulo limene lakhala likubwera kuyambira kale. Atelala anatsegula pakamwa kuti akane, koma ataona mdala wawo akunola pulena akuimba mluzu, anatseka.

Akalipentala anayeza ziwalo zonse ndi tepi. Bokosi lili pakati, Kaphwasule anasintha khadi la zithunzi, nagula lalitali. Akalipentala anaphwasula mbali ziwiri osadandaula, anangoti matenda a mwana awalowa kuukalamba.

Bokosi linatuluka lokongola, losalala, lopanda msomali ndi umodzi womwe, vanishi waliwali. Koma ulemu wonse wa akalipentala unali pa kusasiya mpata. Kabati yawo mphemvu inkazungulira n'kubwerera ndi njala. Ndiye bokosili analitseka ndithu, kabowo ka mawaya kokha, nakonso kothina, kuti fumbi lisaone polowera. Kaphwasule anaona nthawi yomweyo kuti makina sapuma m'menemo. Anayang'ana bambo ake, utuchi uli m'tsitsi, chala chomanga ndi kansalu pamene tchizulo chinaterereka, ndipo anangoti zikomo.

Anamanga, anayatsa, inayaka. Atangoipatsa kanema wolemera, mafani anayamba kulira ngati njuchi zotsekeredwa, thabwa linatentha, sikirini phi. Anayesanso, chimodzimodzi. Wojambula anali akuimba kale, akuti eni ukwati akufuna kanema wawo sabata isanathe, apo ayi ntchito zotsatira apereka kwina.

Kaphwasule anazungulira chipinda, kutuluka, kulowa, kukalipira ana osalakwa. Kusitolo bokosi lachitsulo analigwira n'kulisiya. Pomaliza anachotsa ziwalo zonse, naziyala pa katoni pansi pa tebulo, natchinga ndi nsalu. Bokosi la bambo ake analiika pamwamba, lopanda kanthu, waya mmodzi atalowetsa kuti lizioneka lamoyo. Makina anapuma, ntchito inayenda. Mtima wokha ndiwo sunakhale m'malo. Geti ikangolira ankadzidzimuka.

Tsiku lina masana akalipentala anabwera kudzaona zidzukulu. Ali ndi chizolowezi chimene ana awo onse amachidziwa: chilichonse chimene anapanga amachigwedeza kuti aone ngati chakhala bwino. Analowa, nagwira bokosi. Linanyamuka ngati dengu. Anaima nalo m'manja, akumvetsera kulira kochokera pansi pa tebulo. Anavundukula nsalu ndi phazi.

“Ndiye mwana wagona pansi, bedi lili pomwepa?”

“Ababa, limatentha. Makinawa amafuna mpweya, ulowe uku utulukire uko. Bokosi lanu lilibe mpata.”

“Lilibe, eya,” anatero, ndipo kunyada kunatsogola asanakubweze. Kenako anakhala pampando. Anafunsa chifukwa chake sananene tsiku lomwe lija. Kaphwasule anati anaona chala chawo. Iwo anati chala ndi chawo, koma kalipentala amene kasitomala wamubisira vuto ndiye kuti amuika kale m'manda. Atelala, amene anali pakhomo ndi mdzukulu kumsana, anati onse awiri ndi mitu youma, ndipo ngati thabwa lawo lathera bokosi la chionetsero, alibweze.

Akalipentala anatuma Kaphwasule kukatenga dirilo yoboolera kushedi. Pobwera anapeza atajambula kale mizere ndi pensulo, mabowo akutsogolo m'munsi, akumbuyo m'mwamba, ofanana ngati mano a chipeso, chifukwa ngakhale mpata uyenera kukhala ndi mwambo. Anaika dirilo pathabwa, nsonga inayamba kuvina. Anayesanso, inavinabe. Anaipereka.

“Boola iwe, Kaphwasule. Kuwononga ndi ntchito yako. Ine ndigwira.”

Anaboola, iwo atapanikiza bokosi ndi mawondo, akufuula bowo lililonse kuti wapotoza. Sanapotoze. Anabwezeramo ziwalo, nayatsa. Akalipentala anaika dzanja kumbuyo, kamphepo kofunda kakuwapyola m'zala, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali, nkhope ili ngati ya munthu amene akumwa mankhwala owawa koma akumva kuti akuchira.

Kanema uja anapita nthawi yake. Kaphwasule wayamba kale kunena kuti ramu achulukitse, fani asinthe. Koma m'mawa mwake mwa tsiku loboola lija, akalipentala anabweranso, chitini cha penti chija chili m'khwapa, nachiika pamwamba pa bokosi.

“Poti wakula tsopano,” anatero.

Chili pomwepo. Mafani akathamanga, tizitsulo ta wailesi timalira m'katimo, ndipo Kaphwasule amati aikonza Loweruka.