Moni wa Manja Awiri Pansi pa Bulugamu

Ntchito yodula mitengo sindinaifune ndine, anandifunira ndi agogo anga. Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo ndinakulira m'manja mwa agogo NyaGondwe ku Hewe. Iwo ankagulitsa tomato pamsika. Ine ndinkanyamula madengu, kudulira anthu mitengo ya zigafa za fodya, ndi kuthyola mapeyala m'nsonga momwe anzanga ankaopa kufika. Lamulo la pakhomo pathu linali limodzi: mwana sakweza mawu pamaso pa akulu. Ndinalisunga mpaka anthu ena ankayesa ndine wosalankhula.

Tsiku lina pamsikapo panafika a Chirambo, bambo wa ku boma la Rumphi amene anali ndi kabizinesi kosadza ndi kudula mitengo yoopsa pafupi ndi nyumba. Anawaitana kudzachotsa nthambi za mkuyu, koma wokwera mitengo wawo anali atathawira ku Joni sabata lomwelo. Eni akewo anali ndi mimba yosawalola kukwera ngakhale makwerero. Anaima pansi pa mkuyuwo ngati munthu amene wakumana ndi apongozi ake panjira yopapatiza.

Agogo anawakodola. "Tengani uyu. Sayankhula, sadya kwambiri, koma kukwera ndiye musanene."

"Dzina lako ndani, mnyamata?"

"Wongani," anayankha agogo, ine ndisanatsegule pakamwa. Ntchito ndinaipeza choncho.

Zida zathu zinali zochepa: sowo yamanja yokhota, zikwanje ziwiri, nkhwangwa, zingwe ziwiri zanayiloni, lamba wokwerera wapakaunjika, ndi chipewa cholimba chimodzi. Chipewacho ankavala ndi a Chirambo, ati chifukwa ndi amene amalankhula ndi makasitomala. Komabe ntchito ankaidziwa, ndipo anandiphunzitsa bwino ali pansi. Nthambi imene ili pamwamba pa denga siigwetsedwa chigwetsere. Umaimanga ndi chingwe chachikulu, n'kuchidutsitsa pamphanda ya pamwamba, mbali inayo n'kuiponyera kwa anthu apansi. Chingwe chachiwiri umamanga kunsonga kwa nthambiyo kuti aikokere kumbali. Pocheka umayamba kunsi pang'ono kuti khungwa lisang'ambike, kenako n'kumalizira pamwamba. Ikaduka imalendewera, ndipo apansi amaitsitsa pang'onopang'ono ngati dengu la mazira.

Fodya atagulitsidwa chaka chimenecho ntchito zinachuluka, ndipo a Chirambo anati nthawi yogula makina yakwana. Tinapita ku Mzuzu. Wogulitsa m'sitolo atamva ntchito yathu anatulutsa timakina ting'onoting'ono ta tcheni, toti munthu n'kukwera nato mumtengo atatikoleka palamba. Anationetsanso chitsulo chonga paipi yaifupi chimene umamangirira patsinde, n'kukulungapo chingwe katatu, kuti munthu mmodzi athe kutsitsa nthambi yolemera ngati ng'ombe.

A Chirambo sanamve n'komwe. Maso awo anali pa chimakina chachikulu chimene chinapachikidwa pakhoma, mpeni wake wotalika ngati mwendo wanga.

"Ichi n'chogwetsera nkhalango, bwana," anatero wogulitsa uja. "M'mwamba simungakwere nacho."

"Inu simuwadziwa anthu a ku Rumphi," a Chirambo anayankha. "Makina akalira ngati udzudzu amati mwabwera kudzameta ndevu. Ndikufuna choti chikalira ku Bolero, a ku Hewe adziwe kuti Chirambo wayamba ntchito."

Ine ndinagwira chitsulo chija, n'kuchitembenuza, n'kuchibwezera pamalo pake. Ndinaona kuti chimene tinkasowa n'chimenecho, koma ndinangopita kukanyamula chimakina chimene a Chirambo anagula. Pobwerera chimakinacho chinakhala pampando wa minibasi, ine ndinakhala pa chigubu cha mafuta.

Kunena zoona, pogawa thunthu lomwe lagwa kale, chinali chabwino. Ndinaphunzira kusakaniza petulo ndi oyilo, kupukuta pulagi, kumanga tcheni kuti isakhwepe, ndi kunola mano ake limodzilimodzi ndi fayilo yozungulira. Koma ntchito yathu yambiri inali ya m'mwamba, ndipo kumeneko ndinkapitabe ndi sowo yanga yamanja. Ine ndikucheka phee pamwamba, a Chirambo ankachiliza pansi kuti anthu aone kuti ntchito ikuyenda.

Mvula ili pafupi tinaitanidwa ku Nchenachena ndi a Mhango, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, yemwenso anali mkulu wa mpingo. Kuseri kwa nyumba yawo kunali bulugamu wamkulu, ndipo nthambi yake imodzi inatambalala pamwamba penipeni pa denga la malata atsopano amene mwana wawo wamkazi, namwino, anali atangowafolerera.

Anatilandira atavala jekete ndi tayi, ngakhale kunali kotentha. "A Chirambo, timvane. Ntchito ikayenda bwino, ndikakuyankhulirani ku komiti kuti musadze mabulugamu onse a mumsewu wa kusukulu. Koma lata limodzi likapindika, mudzauze ndi adzukulu anu kuti kuno kulibe njira."

Tonse tinkadziwa tanthauzo la mawuwo. M'dzinja ntchito zimasowa. Popanda mitengo ya kusukuluyo a Chirambo akanatseka mpaka mvula itatha, ine n'kubwerera kukanyamula madengu a tomato.

A Chirambo analiza chimakina chija kaye kuti mudzi udziwe. Posakhalitsa anthu anadzaza, poti kwathu kuno wogwira chingwe amapita ndi nkhuni. Atamaliza kuchiliza anapempha mpando kwa amayi a pakhomopo, n'kuchikhazika pamenepo pambali pa nyumba, chizindikiro chake chitayang'ana kwa anthu. Anasankha amuna atatu a mumpingo, onse onenepa bwino. Wachinayi anadzipereka yekha: a Makwinja, mlangizi wa zaumoyo wochokera ku Mulanje, munthu wowonda ngati bango, amene anali asanathe mwezi m'deralo. Wachisanu pachingwepo anali a Chirambo eni ake.

Ndinayandikira a Chirambo n'kunena chapansipansi kuti mwina tikulunge chingwe patsinde kawiri kapena katatu.

"Amuna asanu, iwe! Ukufuna anthu anene kuti tagwiridwa ndi mtengo? Kwera."

Sindinabwereze. Koma chingwe chachiwiri chija sindinapatse munthu. Ndinakachimanga ndekha pachitsa chomwe chinali chakumbali, n'kuchikoka kuti chilimbe, kenako n'kukwera.

Ndinamanga lamba, n'kudutsitsa chingwe chachikulu pamphanda, n'kucheka kunsi, n'kuyamba pamwamba. Bulugamu wamuwisi amalemera kuposa mmene amaonekera. Nthambi inalira, n'kuduka, n'kulendewera bwinobwino pamwamba pa malata. Amuna asanu aja anakhwimitsa miyendo. Zonse zinali m'malo mwake.

Ubwino wa m'mwamba ndi woti umaona patali. Kunjira yochokera kutchalitchi ndinaona ambulera yakuda ikubwera, pansi pake pali kolala yoyera. Anali abusa, munthu wachikulire amene anabatiza theka la anthu omwe anali pamenepo. Ndinayang'ana abusawo, n'kuyang'ana manja khumi amene anali pachingwe. Munthu wa kuno sapereka moni kwa abusa ndi dzanja limodzi. Amawerama, amawomba m'manja, kenako dzanja lamanja limapita kutsogolo lamanzere litagwira chigongono. Zimenezi mutu suganiza, manja amachita okha.

Ndinayenera kukuwa. Koma ndinali ndisanakuwirepo munthu wamkulu chibadwire, ndiye ndinayamba mmene anandilerera.

"Pepani adada, ndimati ndinene kuti, ngati n'kotheka..."

"Monire mose!" anapereka moni abusa m'Chitumbuka atatulukira pakona pa nyumba.

"Yewo, adada!"

Woyamba kusiya chingwe anali a Chirambo, ndipo anavulanso chipewa cholimba chija. Atatu a mumpingo anawomba m'manja nthawi imodzi ngati kwaya. Otsala anali a Makwinja okha, amene sankawadziwa abusawo, komanso anali atakulunga chingwe pamkono kuti aonetse mphamvu.

Nthambi inayamba kutsika, a Makwinja n'kuyamba kukwera. Ananyamuka bwinobwino, nsapato zawo zakuda zikupalasa mumlengalenga, akukuwa kuti, "Mayo ine! Anthuni, ndikupita kuti?"

Apa m'pamene pakamwa panga panatseguka. "Gwirani chingwe! A Chirambo, gwirani! Inu a jekete, chokani pamenepo!" A jeketewo anali a Mhango, mphunzitsi wamkulu, mkulu wa mpingo. Analumpha ngati mwana wa Sitandade 1.

Kulemera kwa a Makwinja, ngakhale kunali kochepa, kunachedwetsa nthambiyo. Chingwe cha pachitsa chija chinakungika n'kuikokera kumbali. Masamba anasesa malata kuti waaa, thunthu lake n'kudutsa pamphepete pa denga, n'kukatera pa mpando paja. Tinamva kuti phwa!

Amuna aja anathamangira kukagwira miyendo ya a Makwinja n'kuwatsitsa. Mkono unali utasupuka pang'ono, koma chimene ankafunsa n'chakuti nsapato yawo ina yagwera kuti. Abusa anali chiimire ndi ambulera yawo.

"Kodi ndafika nthawi yolakwika?" anafunsa.

"Iyayi adada, mwafika bwino chomene," anayankha a Chirambo, maso ali pa mpando.

Mpandowo unali nkhuni. Mpeni wa chimakina chija unali utapindika ngati chikwakwa, tcheni ili lende, petulo akununkha bwalo lonse. A Chirambo anagwada pambali pake ngati pamaliro, ndipo amayi ena anayambadi kuwapepesa.

A Mhango sanayang'ane n'komwe makinawo. Anaitanitsa makwerero, n'kuvala magalasi, n'kukwera okha kukayendera denga lata ndi lata, monga ankayendera makope a ana. Anatsika ndi tsamba limodzi m'manja.

"Denga lili bwino," anatero. Kenako anayang'ana m'mwamba momwe ndinali. "Mnyamata, m'zaka zanga zonse palibe amene ananditchulapo kuti inu a jekete."

Ndinafuna kuti mtengo unditsekere mkati. "Pepani, adada."

"Usapepese. Ukanati uyambe ndi ulemu wako uja, bwenzi pano akundiyeza bokosi. A Chirambo, mitengo ya kusukulu ndikakuyankhulirani. Koma wolamula akhale ali m'mwambayo. Ndipo mpando wa amayi mubweretse wina."

Nthambi zotsalazo tinazitsitsa chingwe chitakulungidwa patsinde katatu, a Chirambo atachigwira okha, atafulatira njira. Pobwerera, tili pamwamba pa lole, anatembenukira kwa ine. Kenako anati, "Iwe, unawaona abusa ali patali. Bwanji sunakuwe?"

"Ndinayamba kunena."

"Unayamba kulalikira. Mawa ukaona chinthu, uzikuwa. Ngakhale kwa ine."

Makina aja anakonzedwa, koma sabata lotsatira tinabwereranso ku Mzuzu. Wogulitsa uja anatizindikira. Anangotsitsa timakina tating'ono tija ndi chitsulo chokulungapo chingwe, n'kuziika pa kauntala. A Chirambo anawonjezapo chipewa chachiwiri, n'kundiveka okha.

Lero ndili ndi kabizinesi kangakanga, ndipo achinyamata amandifunsa kuti agule makina ati poyamba. Ndimawauza kuti ayambe ndi lamba wabwino, zingwe zabwino ndi chitsulo chija, chifukwa chitsulo sichidziwa abusa. Makina agule amene angakwere nawo, osati amene angamveke ku Bolero. Ndisanadule nthambi iliyonse ndimayang'ana mphepo, denga, kenako njira, kuti ndione amene akubwera.

Agogo NyaGondwe amadandaulabe kuti anapereka mwana waulemu, a Chirambo n'kuwabwezera wokuwa. Sizoona kwenikweni. Ndikakhala pansi ndidakali yemwe uja, wa mawu ochepa. Koma ndikakhala m'mwamba, kaya pansipo pali mphunzitsi wamkulu kaya abusa, ndimakuwa kaye. Moni ndimapereka ndikatsika, ndi manja awiri.