Msewu Wopanda Moni

Ndikangokumbukira agogo anga aNambewe, chomwe chimayamba kundifika ndi fungo la makumba owamba, utsi wa nkhuni zaziwisi ukutuluka pansi pa waya kuseri kwa nyumba yathu ku Chia, iwo atakhala pachitsa akutembenuza nsomba imodziimodzi ndi kamtengo kakuda, maso ofiira ndi utsi koma ali kumsewu. Agogo sankalola kanthu kudutsa osakadziwa. Njinga ikadutsa ankafuna kudziwa kuti ndi ya ndani, yanyamula chiyani, ndipo tayala lakumbuyo likuliriranji choncho. Munthu akadutsa pakhomo pathu osapereka moni, ankasiya nsomba n'kumuyang'ana mpaka akhote. "Watilambalala ameneyu," ankatero. "Tinamulakwira chiyani?" Kwa iwo munthu akakulambalala ndiye kuti mwayambana basi, zoti anali pachangu sankazimva.

Ine ndinakulira m'manja mwawo. Amayi anga, a Asiyatu, anapita ku Lilongwe ndili ndi zaka zisanu, banja lawo litatha, atanyamula makina osokera. Agogo sanafune kuti apite, ndipo tsiku lonyamukalo panatuluka mawu oipa omwe ine sindinawamvetse. Zotsatira zake ndizo ndinaziona: zaka zinayi mayi ndi mwana osalankhulana. Chomwe chinkayenda pakati pawo chinali phukusi lokha.

Wonyamula phukusilo anali a Saidi, oyandikana nafe nyumba, omwe ankayendetsa lole ya shuga wa ku Dwangwa. Kamodzi pamwezi ankadzera ku Salima, kukatsitsa katundu wina ku Kanengo, kenako n'kudutsa pakati pa Lilongwe kulowera ku Dedza. Amayi ankasoka pakhonde la sitolo ina ku Biwi, m'mbali mwenimweni mwa msewu, pomwe magalimoto ankayenda ngati akuperekeza maliro. A Saidi akaliza hutala katatu, amayi ankathamanga kukalandira nsomba ndi mpunga pawindo, iwo n'kupereka sopo, masamba a tiyi ndi diresi langa. Saizi yanga ankaidziwa bwanji? Asananyamuke, a Saidi ankandiimika m'mbali mwa lole n'kukanda ndi msomali pomwe pafika mutu wanga, ndipo amayi ankayeza pamenepo ndi tepi, magalimoto akumbuyo akukalipa. Pa lole ija panali timizera tokwerakwera, ndipo ndinkatinyadira kuposa malipoti akusukulu.

Mawu agogo sankatumiza ngakhale limodzi. A Saidi akabwera ankawafunsa za mvula ya ku Dedza, za apolisi a panjira, za mbatata, kenako kumapeto, ngati angokumbukira mwangozi: "Nanga telala uja, sanaonde?" Tsiku lina m'sopo munatuluka kapepala ka nambala ya foni. Agogo anati akayatsira moto, koma ine ndinawaona akukatsomeka paudzu wadenga, pamwamba pa chitseko.

Ndiye mwezi wina phukusi linabwerera. A Saidi anafika nalo masana, dzuwa likuswa mtengo, lomangamanga monga linachokera, fungo lake litasintha pang'ono ndi kutentha kwa m'lole. Analiika pamphasa mwamanyazi. Agogo analiyang'ana nthawi yaitali.

"Wakana?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ayi amayi, sitinaonane n'komwe. Tinalambalala."

"Iwe Saidi! Unamulambalala mwana wanga? Wakulakwira chiyani?"

"Si ine ayi, ndi msewu. Atsegula msewu watsopano wolambalala tauni. Abwana akuti malole onse tizidzera kumeneko, m'tauni ayi."

Ine mtima unali utapita kale ku kamzera katsopano komwe amayi sanakaone, ndipo ndinayamba kulira. Koma agogo, atamva kuti mwana wawo sanakane nsomba, anapuma mwamphamvu, nkhope n'kusintha. Chidwi chinawagwira. "Msewu wolambalala likulu? Anthu kumanga msewu ndi manja awo kuti usafike? Tajambula ndione."

A Saidi ananjuta n'kujambula pamchenga ndi kamtengo ka nsomba. Mzera wowongoka unali msewu wakale, wodutsa pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe, pamsika, mpaka ku Biwi. Pamenepo agogo anawadula, chifukwa mlathowo ankaudziwa. Anaudutsapo kamodzi ali mtsikana, boma likusamuka ku Zomba, mbali zonse kuli fumbi ndi njerwa, ndipo nthawi imeneyo ng'ombe zinkawoloka limodzi ndi basi popanda wodandaula. "Lero mungakhale pamenepo mpaka mpunga kupsa," anatero a Saidi. Kenako anakoka mzera wina wokhota ngati uta, kuyambira pa raundabauti ya msewu wa ku Mchinji, kuzungulira chakumadzulo, kudula msewu wa ku Likuni, kudutsa cha ku Chinsapo, kuwoloka mtsinje womwewo pamlatho wakewake, n'kukakumana ndi msewu wakale pamphambano ya Bunda, Biwi atatsala kumbuyo.

Mafunso anagwa ngati matalala. Kale pankadutsa chiyani pamenepo? Minda ya chimanga ndi tinjira tanjinga. Eni mindayo anapita kuti? Nyumba zinkayamba zalembedwa chizindikiro chofiira, anthu n'kusamuka, kenako mathirakitala. Nanga manda anawatani? Pamenepo a Saidi anavomera kuti sakudziwa, ndipo agogo anawadzudzula kuti amayenda maso ali m'thumba. Pofuna kudziombola, a Saidi anati, "Mundipatse nambala ya a Asiyatu, tizipangana pokumana."

"Nambala yanji? Ndinayatsira moto."

Ndinatsegula pakamwa, koma diso lomwe anandiponyera linanditseka.

Mapu aja anakhala pabwalo masiku asanu. Agogo anaika chigoba cha nkhono pa Biwi, mwala pa Bunda, ndipo nkhuku iliyonse yoyandikira inkalandira chitsononkho. Ine posesa ndinkauzidwa kuzungulira. Dalaivala aliyense woima pamlatho wa Chia kugula nsomba ankafunsidwa ngati wadutsako kumsewu watsopano, ndipo agogo ankabwerera kudzakonza mzera wawo, apa kukhotetsa, apa kuwonjezera kamlatho. Ankayeza ndi chikhatho kuchoka pamwala kufika pachigoba, n'kupukusa mutu. "Pafupi chonchi," ankang'ung'udza. "Msewu wopanda mwambo. Kufika pakhomo penipeni n'kukhota."

Tsiku lachisanu ndinali nditagwada pambali pawo, ndikuchotsa mamba, ndipo ndinafunsa chomwe chinkandizunguza. "Agogo, msewuwu unayambana ndi Lilongwe?"

"Msewu umayambana ndi munthu?"

"Nanga si mumati wolambalala ndiye kuti mwayambana? Ndiye ukanangopita kukapereka moni, si bwenzi zitatha?"

Sindinkatanthauza china chilichonse, Mulungu akudziwa, ndinkafunsa za msewu. Agogo anandiyang'ana ngati andimenya. Nsomba ina inapserera pawaya, fungo lake linadzaza bwalo, koma sanaitembenuze. Kenako anadzuka, n'kukatambasula dzanja pamwamba pa chitseko, n'kutulutsa kapepala kaja katada ndi mwaye. "Kaitane Saidi abwere ndi foni yake. Koma ndilankhula ndekha, iye uja angasokoneze njira."

A Saidi sanafunse kuti pepala lopsa lauka bwanji. Anaimba, n'kuika mokweza, n'kupereka. Tinamva mawu a amayi akuti "Halo?" Ndipo agogo anga, omwe ankatha kusunga mkwiyo mwezi wathunthu chifukwa cha moni, sanapereke moni.

"Asiyatu, pa Bunda ukudziwapo?"

Amayi anga anayankha: "Amayi? Ndikudziwapo."

"Chabwino. Tsono tamvera, msewuwo umayambira kwa Mchinji uko."

Anawafotokozera msewu wonse, munthu wokhala ku Lilongwe komweko, raundabauti ndi raundabauti, chala chikuyenda pamchenga, mpaka za minda ya chimanga ndi nyumba zolembedwa zofiira. Amayi ankangoti "ee, amayi," "inde, amayi," mphuno ikumveka kuti akulira. A Saidi anayang'ana kumwamba, mwina poganizira mayunitsi awo. Chala chinafika pamwala, msewu unatha, ndipo panalibenso pokhotera. Agogo anasisita mchenga ndi chala. Kenako anatsokomola.

"Nanga iweyo mwanawe, wadzuka bwanji?"

Mwezi wotsatira phukusi silinafunikenso a Saidi, chifukwa amayi anabwera okha, tepi ili m'khosi, n'kundiyeza ine mwiniwake pabwalo pomwe panali mapu.

Agogo anatisiya asanauone msewu wawo uja ndi maso. Ine ndimaudutsa kawirikawiri tsopano, popita ndi pobwera kuntchito yanga ya ku Dedza, ndipo ndimavomereza kuti ndi msewu wabwino, wosachedwetsa. Funso la manda lija sindinapezebe wondiyankha, ngakhale ndimafunsabe. Koma galimoto ikangokhota kusiya tauni kumbali, ndimamva utsi wa makumba m'mphuno, ndipo ndimatulutsa foni kuimbira telala wa ku Biwi. Amayi amadziwa kale. Asanati n'komwe halo amafunsa kuti, "Wafika pati?" Ine ndimati, "Ndikukulambalalani, amayi. Koma mwadzuka bwanji?"