Dzanja langa ndi madokotala a kutchalitchi

Lamulungu lapitali kunatentha koopsa. Mphepo youma inkaomba ngati wina watsegula uvuni, akhwangwala a kuno akulira ngati mbuzi zomangidwa, fani ya m'kaholo kathu kopemphereramo ku Girrawheen, kuno kutsidya kwa nyanja, ikungoti gwedegwede. Ndinanyamula thireyi ya Mgonero monga mwa nthawi zonse. Dzanja linayamba kunjenjemera, timakapu n'kumagundana, vinyo n'kudonthera pa nsapato za a Phiri, mkulu wa mpingo.

Mapemphero atatha ndinazindikira kuti mpingo wathu ndi wa madokotala okhaokha.

A Phiri, injiniya amene amapita kumgodi pa ndege, anandikokera pambali. "Achimwene, kumudzi munasiyako bwino? Anthu aja nyanja siwatchinga."

Mayi Zulu a ku Chipata anali ndi mankhwala kale. "Ba Mwale, vuto ni kunkhala mweka. Nili na kazeni wanga ku Morley, amaziba kuphika."

Wachitatu anangosendeza mphuno kufupi ndi pakamwa panga kuti amve ngati ndamwa mowa.

Madzulo kunabwera foni: komiti yaona kuti ndiyambe ndapumula. Ntchito imeneyi tinkagwira awiri ndi malemu mkazi wanga, iye mkate, ine chikho. Mwa zonse zimene tinkachitira limodzi, inatsala ndi yokhayi.

Adokotala enieni anandiuza kale kuti ndi matenda a mitsempha ya mu ubongo. Nditabwerako, mwana wanga anandiwerengera mbiri ya katswiri wina wakalekale wa ku Spain. Ali mwana anali wosamva, mpaka bambo ake anam'tumiza kukaphunzira kumeta anthu ndi kusoka nsapato. Atakula anatha zaka zambiri diso lili pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, akujambula pamanja timizu ta mu ubongo. Anzake ankati mitsempha ndi ukonde umodzi wolukana. Iye anati ayi, kalikonse kali pakokha, uthenga umachita kudumpha kampata kuti ufike pa kanzake. Zimene madokotala akudziwa lero za dzanja langali zinamera pamenepo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthuyo anayang'ana mpaka kumera imvi. Ife tikangoona kapu yagwedera, chigamulo chatuluka tiyi asanazizire.

Tandiuzani, abale. Galimoto ikayamba kunjenjemera timathamangira nayo kwa amakaniko a ku Malaga konkuno akaiyeze pa kompyuta. Nanga munthu timamuyezeranji ndi mphuno? Madigiri tinapachika pakhoma, koma pa matenda a mnzathu aliyense ndi sing'anga. Mfiti tinazipezera viza, mbeta ya ku Morley tinaisandutsa jakisoni. Mwa atatu aja palibe anafunsa kuti, "Kuchipatala akuti chiyani?"

Thireyi aipereka kwa wina. Ndizikhala pabenchi, kakapu kanga ndizilandira ndi manja awiri. Zinandiwawa, sindinama.

Ndinawakhululukira.