Mapazi m'matope a mushopu

Mwauka bwanji nonse a m'banja.

Mvula ya dzulo yalowetsa madzi mushopu yanga yosokeramo kuno ku Kanyama. Vitenge va makasitomala vonse vaonongeka. Nafika m'mawa, loko ili yokhoma bwinobwino, ndipo kiyi nisunga nekha.

Koma mashini amene ninasiya pansi nawapeza pamwamba pa tebulo, ouma gwa, ulusi uli kale pasingano. M'matope muli mapazi. Limodzi n'lokokera, monga mmene malemu batata banali kuyendera batadwala sitiroko.

Mukumbukira vimene banali kukamba vinthu vikavuta: "Manja akalipo? Sebenza, gwira nchito."

Ba sisi Esnart, ndimwe bakulu, niitane abusa? Ine manje nakhala kale pampando, nisoka. Mapaziwo sininawakolope.